Mipingo ya m'tsinde mwa Soche ileke kudikira maliro

Pakati pa Lamulungu pa 12 ndi Lolemba pa 13 Malichi 2023, mvula ya namondwe wa Freddy itagwa osakata, mbali ina ya phiri la Soche mumzinda wa Blantyre idagumuka. Matope, zimiyala ndi madzi zidatsetserekera m'Chilobwe, Manja ndi madera oyandikana nawo, n'kukwirira mabanja ali m'nyumba. Oyamba kufukula anzawo adali anthu a m'makomo momwemo, ena ndi makasu, ena ndi mafosholo, ena ndi manja okha. Posakhalitsa makalasi a pasukulu ya Naotcha ndi ya Manja adadzaza anthu onyowa, opanda chofunda, ndipo m'matchalitchi mabenchi adakankhidwira kukhoma kuti anthu apeze pogona. Amayi a Mvano, Amayi Achikatolika, a Dorika ndi amayi achisilamu adasonkha moto, kuphika phala ndi kutolera zitenje ndi zovala za ana. A Red Cross adanyamula ovulala ndi mitembo. Madokotala a bungwe la MSF adakathandiza kuchipatala cha Gulupu, komwe ovulala ankangofikabe.

Munthu wolongosoka sanganyoze ntchito imeneyo. M'dziko lonse boma lidawerenga anthu 679 omwalira, 537 osowa ndi oposa 659,000 othawa m'nyumba zawo, ndipo pakadapanda mipingo, mizikiti ndi mabungwe omwe si aboma, njala ndi chisanu za m'misasa zikadakumbitsa manda ena. Komatu kuyamika kwakwana tsopano, ndipo kwayamba kuphimba funso limene atsogoleri a mipingo ya m'tsinde mwa Soche ayenera kuyankha. Iwo ndiwo amadziwa khomo lililonse la m'phirimo. Ndiwo amabatiza ana obadwira m'menemo, kudalitsa maukwati ndi kuzonda odwala. Nanga zaka zonse zija nkhosa zawo zinkakwera ndi kukwerabe phiri, kumanga m'makwawa modutsa madzi, mawu awo adali kuti? Ndipo lero, misasa itatsekedwa, ndowa zogawidwa zija zitasweka kale, achitapo chiyani kuti tsiku lotere lisadzachenso?

Freddy sadali chenjezo loyamba. Mu Januwale 2015 madzi osefukira adapha anthu ku Chilobwe komweko. Achikulire akukumbukira Malichi 1991, pamene napolo adatsika m'phiri la Michesi n'kusesa midzi ya ku Phalombe, tsoka limene lidabala lamulo loyamba loona za ngozi zogwa mwadzidzidzi. Lamulo limenelo lidakhala zaka zoposa 30, ndipo Nyumba ya Malamulo idavomereza lolowa m'malo mwake mu Epulo 2023, anthu a ku Chilobwe ataikidwa kale m'manda. Phiri la Soche ndi nkhalango yotetezedwa kuyambira nthawi ya atsamunda, chimodzimodzi la Ndirande. Mitengo yake idathera ku nkhuni, makala ndi mauvuni a njerwa. Kenako mudalowa minda, ndipo pambuyo pa minda padabwera nyumba. Zonsezi zinkachitika dzuwa likuswa mtengo, aliyense akuona.

Chimene chimakweza munthu m'phiri ndi umphawi ndi kusowa malo. Kalembera wa 2018 adapeza anthu 800,264 mumzinda wa Blantyre, ndipo ochuluka mwa iwo amakhala m'madera amene khonsolo sidayezepo mapuloti: Ndirande, Mbayani, Bangwe, Kachere, Misesa, Chilobwe. Mlonda wa ku Ginnery Corner, mayi wogulitsa tomato mumsika wa Zingwangwa, mnyamata wa kabaza, onsewa amafuna pogona poyandikira pamene amapezera ya ufa. Puloti ya khonsolo kapena nyumba ya Malawi Housing Corporation sangaifikire. Chimene angafikire ndi kamalo kogulitsidwa ndi mfumu kapena wina wodzitcha mwini malo kumtunda kwa phiri, umboni wake kapepala kolembedwa pamanja. Wopezako bwino amamangapo tizipinda ta njerwa zosawotcha n'kuikamo alendi. Nkhani yosamutsa anthu ku Soche yakambidwa zaka zambiri, mpaka idafika kukhoti. Koma munthu akauzidwa kuti achoke, osapatsidwa malo okhala ndi madzi, sukulu ndi msewu wofika minibasi, amabwerera pakale mvula ikangokata.

Udindo woyamba pa zonsezi ndi wa boma ndi Khonsolo ya Mzinda wa Blantyre, ndipo apa pasakhale kuzungulira. Khonsolo imatolera misonkho ya mapuloti, imadula matikiti m'misika tsiku lililonse, ndipo ngalande, zinyalala, misewu ya m'makomo ndi mapulani a mzinda ndi ntchito yake. Lamulo la maboma aang'ono la 1998 lidalonjeza mphamvu ku anthu, koma kuchokera mu 2005 mpaka 2014 dziko lino lidakhala lopanda makhansala, ndipo m'zaka zimenezo mzinda unkakula popanda munthu wosankhidwa woti eni dera n'kumugwira pakhosi. Zinyalala zimene zimakafika kumtaya wa ku Mzedi n'zochepa poyerekeza ndi zotsalira m'makomo ndi m'mitsinje ya Mudi, Nasolo ndi Naperi. Boma la Blantyre lilibe chipatala chakechake chachikulu monga ziliri ku Thyolo kapena ku Chiradzulu. Wodwala wa ku Chilobwe akalephereka pachipatala chaching'ono cha Zingwangwa, ulendo ndi wa ku Gulupu, chipatala cha mu 1958 chimene chimasenza odwala ochokera m'chigawo chonse cha kummwera.

M'mipata imeneyi ndi momwe mipingo ndi mabungwe adalowa, ndipo ngozi yake ili pomwepo. Mpata uliwonse umene atseka mwakachetechete umasanduka wawo mpaka kalekale. Akufanana ndi mlendi amene denga likamadontha amangosuntha mphasa ndi kutchera beseni, lendi n'kumalipirabe mwezi ndi mwezi. Landilodi wotere alibe chomukwezera padenga.

Kolera adaonetsa zimenezi poyera. Mliri umene udayambira ku Machinga mu Malichi 2022 udagwira anthu pafupifupi 59,000 n'kupha oposa 1,700, ndipo sikudagwepo kolera woopsa chotere m'mbiri ya Malawi. Mu Januwale 2023 masukulu a mu Blantyre ndi Lilongwe adachedwa kutsegulidwa chifukwa cha mliriwu. Mabungwe adabwera ndi kolorini, sopo, ndowa za mipopi ndi zikwangwani zolimbikitsa kusamba m'manja, ndipo zonsezi zidapulumutsa miyoyo. Koma gwero la vuto ndi madzi. Blantyre Water Board imapopa madzi ake ambiri kuchokera ku Walker's Ferry mumtsinje wa Shire, mtunda wa makilomita pafupifupi 40, kukwera chitunda chokhachokha ndi mphamvu ya magetsi. Magetsi akavuta, madera okwera ndiwo amayamba kuuma. Mayi akapeza kiyosiki ili gwa amatsikira pachitsime cha m'khwawa, kumunsi kwa zimbudzi zokumba za anansi ake, chifukwa ana sangagone osadya. Mayi ameneyo ali m'kaundula wa mpingo wina wake. Mwana wake akamwalira mpingo umabwera, umaimba usiku wonse, umalalikira za chiyembekezo, n'kubalalika osafunsa aliyense kuti paipi ya dera limeneli idzafika liti. Padalinso magulu a chipembedzo oletsa anthu awo kupita kuchipatala, odwala n'kumafera m'nyumba. Kuwadzudzula amenewo kudayenera kuyamba ndi abusa anzawo a m'dera lomwelo, osasiyira alangizi a zaumoyo okha.

Mabungwe omwe si aboma ali ndi nthenda yawoyawo, ndipo anthu a m'makomo amaidziwa bwino kuposa olemba malipoti. Bungwe limafika ndi pulojekiti ya zaka zitatu yolembedwera ku Lilongwe kapena kunja kwa dziko. Limasankhitsa komiti yatsopano pamalo pamene pali kale komiti ya bungwe lina, limatengera anthu angapo kumaphunziro kuhotela ya kunyanja, limagawa matisheti, limazika chikwangwani pamphambano. Anthu nawo adazolowera, kotero kuti akaitanidwa kumsonkhano amayamba afunsa ngati kuli alawansi. Mlandu umenewu si wa mayi wosiya geni yake tsiku lathunthu kukakhala pamsonkhano; ndi wa amene adamuphunzitsa kuti chitukuko ndi envulopu. Pulojekiti ikatha galimoto imapita, ndipo mjigo ukafa palibe wodziwa kuti ndalama yogulira chitsulo ichokere kuti. Lamulo la 2022 limene lidakhazikitsa NGORA, bungwe loyang'anira mabungwe omwe si aboma, limafuna kuti mabungwe azipereka malipoti a ntchito ndi a ndalama chaka chilichonse, ndipo n'zoyenera. Koma malipotiwo amapita ku Lilongwe ndi kwa eni ndalama. Mayi wa ku Chilobwe, amene chithunzi chake chili pachikuto, sadzaliona n'komwe.

Chaka cha 2025 chidaulula kuti maziko amenewa ndi osalimba. Pa 20 Januwale Donald Trump adasaina lamulo loimitsa thandizo la America kumaiko akunja, ndipo pofika pa 1 Julayi bungwe la USAID lidali litatsekedwa. Dziko la America linkapereka ku Malawi ndalama zoposa madola 350 miliyoni pachaka, zambiri mwa izo za umoyo. Anthu ogwira ntchito m'mabungwe adauzidwa kuti akhale kunyumba, ndipo ntchito zina zoyendera omwa ma ARV ndi zothandiza ana amasiye zidaima popanda kutsanzika. Chigamulo chopangidwa ku Washington chidafika mpaka m'makwalala a Chilobwe. Tchalitchi chokha n'chimene sichidalandire kalata yotero. Lamulungu lotsatira belu lidalira, anthu adasonkhana, mbale ya chopereka idayenda.

Mpingo ndiwo wokhalitsa m'dera, ndipo chifukwa chake ndi umene uyenera kufunsidwa zambiri.

Mabungwe amene ntchito yawo yagwira nthaka mu Blantyre ndi amene adazindikira msanga kuti eni dera ndiwo agwire chiwongolero. Kale makiyosiki ambiri a madzi adali m'manja mwa makomiti ogwirizana ndi zipani. Ndalama zinkasowa, ngongole ku Water Board n'kumakula mpaka madzi kudulidwa. Magulu a ogwiritsa ntchito madzi, ma WUA, amene bungwe la Water for People lidathandiza kukhazikitsa pamodzi ndi Water Board ndi khonsolo, adalemba ntchito ogulitsa madzi olipidwa pamwezi, ambiri mwa iwo amayi, ndipo ngongole zija zidayamba kubwezedwa. Mary's Meals idayamba ndi ana pafupifupi 200 kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, ena mwa iwo a ku Chilomoni, ndipo lero imadyetsa ana oposa 1 miliyoni m'sukulu za m'dziko muno. Bungwelo limabweretsa ufa wa Likuni Phala ndi miphika, koma amene amadzuka m'mbandakucha kukapatsa moto ndi makolo ongodzipereka. Amayi a gulu la Federation, mothandizidwa ndi bungwe la CCODE, amasunga ndalama pang'onopang'ono, amawerenga okha nyumba ndi zimbudzi za m'madera awo, kujambula mapu n'kupita nawo kukhonsolo, ndipo ku Angelo Goveya kuli nyumba zimene adamanga ndi manja awo. Chisomo Children's Club, imene yakhala ikuchotsa ana m'misewu ya Blantyre kuyambira 1998, idabadwira mumpingo wa Living Waters. Zimenezi n'zotheka, ndipo zachitika mumzinda womwewu.

Tsono mphamvu imene mabungwe amavutika kuimanga ndi ndalama zankhaninkhani, mpingo uli nayo kale. Kalembera wa 2018 adaonetsa kuti mwa Amalawi 100 alionse, 17 ndi Akatolika, 14 ndi a CCAP, pafupifupi 14 ndi Asilamu, ndipo otsalawo ambiri ali m'mipingo ina. Mkatolika aliyense ali mumphakati wake. Wa CCAP ali mumlaga, pansi pa mkulu wa mpingo amene amadziwa kuti khomo lakuti kuli wodwala, khomo lakuti bambo ntchito idatha. Maliro akagwa pakati pa usiku, pomacha nkhuni zafika, chipepeso chayamba kulembedwa m'kope, kwaya yakhala pasiwa, ophika agawana ntchito, achinyamata apita kukatenga mipando. Zonsezi zimatheka popanda alawansi, popanda galimoto ya bungwe, popanda kalata yochokera ku ofesi iliyonse. Ngakhale DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, ngakhale khonsolo, palibe amene angasonkhanitse anthu a ku Chilobwe mwachangu chotero. Chomvetsa chisoni n'chakuti luso lonseli limatuluka munthu akafa. Likadatuluka ndi theka chabe la mphamvu yake pa nkhani ya ngalande yotsekeka kapena khoma lopendekera nyumba ya mnzake, maliro ena sakadachitika.

Ndalamanso mpingo uli nazo, ngakhale kuti zimachokera m'matumba obooka. Pali chopereka cha Lamulungu, chakhumi, masika, pepa sande, bigiwoko. Zimapita kuti? Kukulitsa tchalitchi, kuika matailosi, kumanga mpanda, kugula zokuzira mawu, galimoto ya abusa, ndi gawo lopita ku sinodi kapena ku dayosizi. Zina mwa izi n'zofunikadi, pajatu mpingo sungapemphere pamvula ndipo m'busa nayenso ali ndi ana. Koma kuseri kwa mpanda wopakidwa penti kumadutsa ngalande yodzaza mapepala apulasitiki, imene mvula ikagwa imalavulira madzi m'nyumba za akhristu omwewo amene adasonkha ndalama ya mpandayo. Ana a Sande sukulu amaoloka khwawa pathabwa limodzi. Ndi kangati pamene pepa sande idachitika n'cholinga chomanga kamlatho, kapena kulipira ngongole ya kiyosiki kuti madzi atsegulidwe? Ndi mipingo ingati imene chimbudzi chake chimakhala chotsegula pakati pa sabata kuti oyandikana nacho, amene alibe pokumba chawo, athandizike?

Palinso ena amene dzina la mpingo akulidyera. M'makalasi obwereka ndi m'matenti mwadzaza aneneri ouza mayi wa geni kuti abzale mbewu ndi mpamba wake wonse kuti adalitsike, ogulitsa mafuta ndi madzi odzozedwa kwa munthu amene akusowa ya panado. Mpingo wongochita zauzimu sukakamizidwa kupereka malipoti ku NGORA, ndiye palibe wowafunsa kuti ndalamazo zathera pati. Amenewa akutulutsa chuma m'dera losauka kale. Ndipo pakagwa tsoka sipalephera kumveka ulaliki wakuti ndi chilango cha machimo. Mawu amenewo ndi nkhanza kwa mayi amene wakwirira ana ake, komanso amamasula aliyense amene adali ndi udindo. Khanda la ku Chilobwe silidachimwe kuposa la ku Namiwawa kapena ku Sunnyside. Kusiyana kwawo n'kwakuti lina lidagona m'nyumba ya maziko olimba pamalo oyezedwa, linalo m'kachipinda ka njerwa zosawotcha pansi pa thanthwe. Anthu amakwera Soche yemweyo kukasala kudya ndi kupemphera usiku wonse, ndipo pokwera amadutsa pamakomo amene aliyense angaone kuti mvula yamphamvu ikadzabweranso sadzapulumuka.

Mipingo ya m'dziko muno ikudziwa kulankhula, ndipo mbiri ikuchitira umboni. Pa 8 Malichi 1992 kalata ya maepiskopi a Katolika idawerengedwa m'matchalitchi onse, pa nthawi imene kutsutsa boma la Dr Kamuzu Banda kudali kuika moyo pachiswe. Arkiepiskopi James Chiona wa Blantyre ndi anzake adaopsezedwa, koma mawu adali atatuluka kale. Mu Meyi chaka chomwecho ogwira ntchito pafakitale ya David Whitehead and Sons adanyanyala, anthu a ku Ndirande adalowa mumsewu, ndipo ena adaphedwa ndi zipolopolo. Atsogoleri a CCAP adaonjezera mawu awo, bungwe la PAC lidabadwa, ndipo pa 14 Juni 1993 Amalawi adavotera zipani zambiri. Kuchokera nthawi imeneyo makalata a maepiskopi ndi a masinodi akhala akutuluka, kudzudzula katangale, kukwera mitengo kwa zinthu ndi tsankho. Amagwira ntchito yake. Koma onsewa amaloza ku Capital Hill ndi ku nyumba ya boma. Kalata yonena za ngalande ya ku Chilobwe, yosainidwa ndi abusa, ansembe ndi mashehe a ku Chilobwe, yopita kwa khansala ndi kwa mfumu ya mzinda, ndi imene ikusowa. Kudzudzula pulezidenti amene ali kutali n'kopepuka kusiyana ndi kufunsa phungu amene amakhala pabenchi ya kutsogolo.

Ndipo phunguyo amadziwa njira yotsekera pakamwa. Pa pepa sande amaitanidwa ngati mlendo wolemekezeka, amalonjeza malata kapena matumba a simenti, nthungululu n'kumveka. Mawa lake m'busa yemweyo angayambire pati kumufunsa za ndalama za chitukuko za CDF, zimene mu 2024 zidafika pa K200 miliyoni pa dera lililonse la phungu? Simenti ya tchalitchi yagula chete wa mpingo wonse, pamene ndalama ya CDF, imene ndi msonkho wa akhristu omwewo, palibe woilondola. Mpingo umene ukufuna kukhala ndi pakamwa uyenera kuphunzira kukana mphatso zina, ngakhale zitatanthauza kuti denga la tchalitchi lichedwa ndi chaka chimodzi.

Ku Chilomoni, m'tsinde mwa phiri la Michiru, kuli chitsanzo cha njira ina. Kumeneko bungwe la Beehive lidayamba mu 2007 pafupi ndi parishi ya St James, ndi thandizo la Tony Smith, wamalonda wa ku England, kudzera mu Krizevac Project. M'malo mogawa zinthu, adayambitsa mabizinesi: kubwereketsa makina omangira, kugulitsa njinga zakale, mabuku ndi makina osokera. Phindu lake limathandiza kuyendetsa malo osamalira ana a Mother Teresa, sukulu ya kompyuta ndi utsogoleri ya John Paul II, ndipo pambuyo pake padabwera sekondale ya Carlo Acutis. Omanga nyumbazo ndi anthu a ku Chilomoni komweko, olipidwa, ndipo ambiri adaphunzirira luso pantchitopo. Zoona, mpamba wake udachokera kunja, ndipo si dera lililonse lidzapeze munthu wachuma wotero. Koma phunziro lake silifuna mzungu. Parishi idapereka mizu ndi anthu, ntchitoyo idapangidwa kuti izidzipezera ndalama, ndipo idakhazikika pamalo amodzi zaka zambiri osathamangira kwina. Mipingo ikuluikulu ya mu Blantyre ili ndi malo, maholo, masukulu ndi akhristu odziwa za mapulani, malamulo ndi kuwerengera ndalama. Sinodi ya Blantyre, imene mishoni yake idayamba mu 1876 mzinda usanakhalepo, ili ndi nthambi yoona za umoyo ndi chitukuko, ndipo Akatolika ali ndi CADECOM ndi CCJP. Nthambi zimenezi zazolowera kuthamangira kumidzi, kumene opereka ndalama amakonda, n'kuiwala umphawi umene uli pamtunda woyenda wapansi kuchokera kumaofesi awo.

Ena adzati mpingo si boma, ntchito yake ndi kupulumutsa mizimu. Palibe akupempha m'busa kuti agule thirakitala kapena akumbe ngalande za mzinda wonse. Kuchita zimenezo kungakhale kupitiriza vuto lomwelo losenzera khonsolo katundu wake. Chimene chikufunika n'chakuti mpingo ugwiritse ntchito chimene uli nacho chochuluka, chomwe ndi anthu ndi kukhulupiridwa, pokakamiza eni udindo kuti agwire ntchito. Akuluakulu adati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Amene akumva kuwawa ndi anthu a ku Chilobwe, ndipo malo okhawo amene amakumana mazanamazana sabata iliyonse, mwa kufuna kwawo, ndi kutchalitchi ndi kumzikiti. Ena adzaopa kuti azitchedwa otsutsa boma. Koma matope a Freddy sadafunse munthu khadi la chipani, ndipo nkhani ya paipi ndi ngalande imakhala yomweyo kaya pampando pali yani.

Zoyambira zake sizifuna thandizo la kunja. Milaga ndi miphakati ingathe kulemba m'masabata ochepa mabanja onse okhala m'makwawa ndi pansi pa matanthwe, kusiyanitsa eni nyumba ndi alendi, chifukwa alendi ndiwo amaiwalika nthawi zonse pakakhala nkhani ya malo atsopano. Kaundula wotere, wosonkhanitsidwa ndi mipingo yonse pamodzi ndi mizikiti, ungakhale wolondola kuposa aliyense amene ofesi ya boma ingalembe, ndipo ungatseke njira ya mayina abodza amene amatulukira pakabwera thandizo. Misonkhano ya khonsolo yonse ndi yololedwa kwa anthu wamba. Akulu a mpingo khumi atakhala kumbuyo kwa holo pamsonkhano uliwonse, makhansala angalankhule mosiyana. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga lidayamba kugwira ntchito pa 30 Seputembala 2020, ndipo limalola munthu aliyense kufunsa molemba kuti ndalama za CDF za dera lake zagwira ntchito yanji. Yankho lake liwerengedwe pa zolengeza za Lamulungu, pamodzi ndi lipoti la chuma cha mpingo womwewo, chifukwa wofunsa mnzake za ndalama ayenera kuyamba watsegula buku lake. Ndipo bungwe lililonse lofuna kugwira ntchito m'deralo liyambe laima pamaso pa anthu, linene kuti labwera ndi ndalama zingati, zingati zidzafika pansi, ndipo likadzapita chidzatsale n'chiyani.

Chovuta kwambiri ndi cha anthu amene adakali m'malo oopsa, ndi ena amene adabwereramo chifukwa chosowa kolowera. Apa mpingo uli ndi mawu awiri oti unene, ndipo onse ndi owawa. Kwa akhristu ake uyenera kunena mosabisa kuti malo enawo si okhalamo, ndipo mkulu wa mpingo amene akugulitsa kapena kuchititsa lendi malo otero ayitanidwe kubwalo la mpingo monga amaitanidwira wolakwa aliyense. Kwa boma uyenera kunena kuti anthu sangachoke popanda malo enieni, okhala ndi madzi, sukulu ndi msewu, ndipo uperekeze anthu akewo kumaofesi mpaka malowo aoneke. Kunena mbali imodzi yokha n'kunamiza anthu kapena kuwataya.

Mvula imayamba mu Novembala, ndipo kawirikawiri anamondwe amabwera pakati pa Januwale ndi Malichi: Ana adafika mu Januwale 2022, Gombe mu Malichi chaka chomwecho, Freddy mu Malichi 2023. Abusa, ansembe, mashehe ndi amayi otsogolera magulu a mipingo ya ku Chilobwe, Manja, Misesa ndi Chimwankhunda akumane mvula isanagwe, alembe mayina a mabanja amene ali pangozi, ndipo kaundulayo akamutule okha kumaofesi a khonsolo ku Civic Centre, anthu awo ali pambuyo pawo.